Suweji ya m'bwalo la zipinda 16: masabata asanu tikugogoda pakhomo lolakwika

Lipotili ndalembera anzanga omwe timagwira ntchito yofanana kuno ku Joni: alembi a mabungwe a maliro, akuluampingo, ndi onse omwe anthu akwathu amawaimbira foni zinthu zikavuta pomwe akuchita lendi. Ine si loya. Loweruka lililonse ndimakhala pa tebulo la uphungu kumpingo kwathu, kulemba makalata, kudzaza mafomu ndi kuperekeza anthu kumaofesi. Mayina a anthu ndi dzina la msewu ndawasiya dala.

Malo ake

Nyumbayi ili pakati pa Rosettenville ndi Turffontein, m'gawo F mwa magawo asanu ndi awiri a mzinda wa Johannesburg. Ndi nyumba yakale ya njerwa zofiira yomwe anaimangira banja limodzi. Mkati anaidula zipinda zinayi, kuseli n'kuwonjezera zina 12 m'mizere iwiri yoyang'anizana. Titawerenga tinapeza anthu 41 pamodzi ndi ana, ambiri a ku Mangochi, Machinga ndi Dedza. Panalinso banja limodzi la ku Mozambique ndi gogo wina wa konkuno, wochokera ku KwaZulu-Natal. Zimbudzi zinali zitatu, mabafa awiri, mpopi umodzi panja. Lendi ankapereka pamanja kwa munthu yemwe aliyense ankangomutchula kuti ejenti, risiti osalandira. Mwininyumba panalibe yemwe anamuonapo.

Chizindikiro choyamba chinabwera ndi mvula yoyamba ya mu Okutobala 2023. Mvula ya kuno mukuidziwa, imabwera masana ndi mabingu, theka la ola lokha koma ngati akukhuthula ndowa. Ikangogwa, chimbudzi chapakati chinkalira ngati m'mimba mwa munthu wogona ndi njala, madzi n'kukwera mpaka m'milomo, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono. Pofika mu Novembala analeka kutsika. Zonyansa zinayamba kutulukira pakadzenje kotayira madzi pafupi ndi mpopi, kuyenderera pakati pa zipinda, kudutsa kunsi kwa geti mpaka mumsewu. Amayi anandandalika njerwa zopondapo, kuphika ankaphika zitseko zili chitsekere.

Nkhaniyi inandipeza mwangozi. Mayi wina wa ana awiri anabwera kudzapempha ndalama yokwerera taxi kuti apite kukiliniki ndi mwana wake wa zaka ziwiri yemwe ankatsegula m'mimba. Ndinamufunsa kuti, "Mayi, madzi akumwa mumatunga kuti?" Iye anati, "Pampopi pomwepo achimwene, kungoti pamafunika kudumpha." Nditafunsa chomwe amadumpha m'pamene anafotokoza zonse.

Chifukwa chomwe anakhalira chete mwezi wathunthu

Musafulumire kunena kuti anthuwa ndi osasamala. Pa 31 Ogasiti chaka chomwecho nyumba ya Usindiso ku Marshalltown inapsa, anthu 76 anafa, ena mwa iwo a Malawi anzathu. Zitachitika izi akuluakulu a mzinda ndi apolisi anayamba kuyendera nyumba zomwe mumakhala anthu mothithikana. Ejenti anapezerapo mwayi. Anauza anthu kuti aliyense woimbira foni akhonsolo adziwe kuti akudziitanira yekha apolisi ndi a Home Affairs, oona za mapepala a obwera. Ena pabwalopo mapepala awo anali atatha.

Panalinso za kolera. Kumayambiriro kwa 2023 odwala oyamba ku Gauteng anali amayi awiri apachibale omwe anachokera kumaliro ku Malawi pa basi, ndipo mu Meyi matendawa anapha anthu ku Hammanskraal, kumpoto kwa Pretoria. Mawu akuti "a Malawi abweretsa kolera" anthu akwathu anawamva m'ma taxi. Ndiye mayi woti mwana wake akutsegula m'mimba, ali pabwalo lodzaza zonyansa, ankaopa ngakhale kutchula adiresi kwa anesi. Mwanayo atamuyeza sanamupeze ndi kolera, anachira patapita masiku ochepa. Koma pomwe ankachira ana ena awiri anali atayamba.

Chomwe ndinachita poyamba, ndi pomwe ndinasochera

Ndinaganiza zokanena nkhaniyi m'dzina langa kuti alendi asaonekere. Ntchito za mzindawu zinagawidwa m'makampani a khonsolo: madzi ndi suweji ndi za Johannesburg Water, magetsi City Power, zinyalala Pikitup, misewu ndi ngalande za madzi a mvula Johannesburg Roads Agency. Suweji yayenderera, choncho ndinaimbira a madzi. Anandifunsa adiresi, dzina ndi nambala ya foni. Pasipoti sanandifunse. Anandipatsa nambala ya dandaulo, yomwe tonse timangoti refurensi, ndipo ndinailemba m'kabuku.

Tsiku lachitatu galimoto inabwera anthu ali kuntchito. Gogo uja ndiye anawaona. Anatsegula chivundikiro chachitsulo mumsewu, anasuzumira, anakankhamo ndodo zawo zazitali, anatseka n'kumapita. Madzulo uthenga unalowa pafoni yanga woti ntchito yatha. Ndipo zoonadi masiku anayi otsatira pabwalo panayamba kuuma. Ndinadzitama pagulu lathu la WhatsApp. Sindinazindikire kuti masiku anayiwo mvula sinagwe.

Itagwanso zonse zinabwerera. Ndinaimbanso, refurensi yachiwiri, galimoto, uthenga woti ntchito yatha. Kachitatu chimodzimodzi. Mumtima ndinagamula kuti anthuwa akungotseka madandaulo kuti mabuku awo aoneke bwino, mwinanso chifukwa akudziwa kuti pamakhala obwera. Ndinalemba kalata yodandaula yopita ku ofesi ya Sipikala wa khonsolo, komwe makalata otere amalandiridwa n'kutumizidwa ku komiti yoona madandaulo a anthu, ndipo ndinayenda chipinda ndi chipinda kusainitsa. Anasaina anthu 29, ena manja akunjenjemera.

Apa ndinalakwa kawiri. Ndinaweruza ndisanafunse aliyense wodziwa mapaipi. Safunsa anadya phula. Kulakwa kwinako n'kwakukulu kuposa: ndinasonkhanitsa mayina ndi adiresi ya anthu amantha papepala limodzi ndisanadziwe ngati pepalalo likufunika n'komwe. Anzanga, kalata yosainitsa izikhala yomaliza, osati yoyamba.

Kwa khansala

Ndisanapereke kalatayo, mlembi wa mpingo anandilangiza kuti ndionane kaye ndi khansala wa wodi. Ndinazengereza poti ife sitivota kuno. Koma lamulo la Municipal Systems Act la 2000 likamanena za anthu a m'dera limatchula okhalamo, osati ovota okha, ndipo gawo 5 limawapatsa ufulu wopereka madandaulo pakamwa kapena polemba, ndi kuyankhidwa msanga. Ndi mawu amenewa ndinapita.

Khonsolo ya Johannesburg ili ndi makhansala 270. Mwa iwo 135 ndi a mawodi, ena 135 amalowa potengera mavoti omwe chipani chapeza. Wa wodi ndiye amakhala wapampando wa komiti ya wodi, ya iyeyo ndi anthu ena osapitirira 10, yomwe ntchito yake ndi kulangiza basi. Khansala wathu anali mayi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, anapempha marefurensi atatu aja, n'kuyamba kundiuza zomwe ndikufuna aliyense wa ife azidziwe.

Choyamba anati iye sangalamule wantchito wa khonsolo kuti pita ukakumbe apo. Malamulo a khalidwe la makhansala amaletsa kulowerera pa ntchito za tsiku ndi tsiku kapena kupereka malamulo kwa antchito. Ife akwathu timamutenga khansala ngati mfumu yomwe ikalankhula nkhani yatha, koma sizili choncho. Mphamvu yake ili pofunsa. Akhoza kukweza dandaulo kwa mkulu wa depoti ndi ofesi ya gawo, akhoza kulemba funso kwa membala wa komiti ya meya woona za ntchitoyo, ndipo makomiti omwe amawatchula kuti a Section 79 amaunika malipoti a miyezi itatu iliyonse a makampani a khonsolo. Malipotiwo amaonetsa madandaulo omwe analowa ndi nthawi yomwe anatenga. Ndiye vuto lopanda refurensi, pamaso pa khonsolo kulibe. Mwezi uja anthu anakhala chete, m'mabuku a mzinda msewu wawo unali bwinobwino.

Chachiwiri linali funso lomwe sindinathe kuyankha. "Bambo, nyumba zoyandikana nazo zikusefukiranso?" Sindinafufuze. Anati ndisunge kaye kalata yanga, iye apempha kuti gululo likabweranso ine ndidzakhalepo, ndipo paipi ya mumsewu ikapezeka ndi vuto funso kukhonsolo akalemba yekha.

Zivundikiro ziwiri

Tsikulo linasintha nkhani yonse, ndipo sizinatenge mphindi khumi. Kapitawo wa gululo anandiitana, n'kutsegula chivundikiro cha mumsewu. Pansi madzi ankayenda mwakachetechete m'kangalande kake, osadzaza n'komwe. Kenako tinalowa m'bwalo, anafufuza ndi phazi mpaka anapeza kachivundikiro ka simenti pansi pa diramu yakale. Atakanyamula, dzenje linali lodzaza mpaka pamwamba. Sanalankhule zambiri. Ya mumsewu ikuyenda, ya m'bwalo yadzaza, ndiye kuti chotseka chili pakati, mkati mwa mpanda. Paipi yaikulu ya mumsewu ndi ya khonsolo, koma mapaipi a mkati mwa puloti mpaka polumikizira ndi udindo wa mwininyumba. Maulendo atatu onse aja anthuwa anayang'ana mbali yawo, anaipeza ikuyenda, ndipo gogo yemwe anawaona sankadziwa zowafunsa.

Analozanso kudenga. Mipope yotsitsa madzi a mvula kuchokera pamalata a zipinda zakuseli inalozetsedwa m'kadzenje ka suweji. Malamulo a mzinda amaletsa zimenezi, chifukwa paipi ya suweji sinapangidwire madzi a mvula. N'chifukwa chake vutoli linkatsatira mabingu.

Ndinachita manyazi. Masabata asanu anali atapita, ana akudumpha zonyansa, ine ndili pakhomo la eni ake osalakwa. Kalata ya anthu 29 ija ndinaing'amba pamaso pa eni ake usiku womwewo kuti aone kuti mayina awo sapita kulikonse. Kuyambira pamenepo, munthu akandiimbira za suweji ndimayamba ndi mafunso atatu ndisanaimbire aliyense: kodi aneba akusefukiranso, kodi zimakula mvula ikagwa, ndipo dzenje la m'bwalo lili bwanji poyerekeza ndi la mumsewu. Chivundikiro chachitsulo cha mumsewu musatsegule nokha, mpweya wa mmenemo umapha. Dikirani eni ntchito, koma mudzakhalepo.

Msonkhano wa usiku

Tsopano nkhani inali ya mwininyumba wosadziwika ndi ejenti yemwe sankayankha foni. Njira zinalipo ziwiri za khonsolo. Oyendera zomangamanga akanabwera mosavuta, chifukwa lamulo la 1977 la kamangidwe limafuna mapulani ovomerezeka, ndipo zipinda zakuselizo zinkachita kuonekeratu kuti zilibe. Koma mapeto a njira imeneyo akhoza kukhala kugwetsa zipinda. Njira ina inali ya oyendera zaumoyo a khonsolo. Amafanana ndi alangizi a zaumoyo akwathu, kungoti awa ali ndi mphamvu yolembera mwinimalo kalata yomulamula kuchotsa chinthu choika moyo wa anthu pachiswe, n'kumupatsa masiku.

Tinakumana m'chipinda cha telala wina wa ku Machinga, yemwe anakhalitsa pabwalopo kuposa onse ndipo ankamutcha amalume. Achinyamata ankafuna kusiya kulipira lendi mpaka zinthu zitakonzedwa. Amalumewo anangoti, "Ana inu, walira mvula walira matope. Tikawaitana akuluakuluwa tisadzadabwe ndi zobwera nazo." Ndinawauza zoona: sindingalonjeze kuti wa zaumoyo akaona zipindazo sakauza anzake a zomangamanga. Onse ndi a khonsolo imodzi. Ndinawauzanso kuti palibe angawatulutse popanda chigamulo cha khoti, malinga ndi gawo 26 la malamulo aakulu a dziko lino komanso lamulo la PIE la 1998 loletsa kutulutsa anthu m'nyumba mosatsata lamulo, lomwe silisankha kuti munthu ndi wochokera kuti.

Tinagwirizana zinthu zitatu, ndipo ndondomeko yake ndi yomwe ndikufuna muigwire. Tisanaitane wa zaumoyo, tikasume kaye ku Rental Housing Tribunal ya Gauteng, bwalo lomva nkhani za lendi, laulere, losafuna loya. Chifukwa chake chili m'gawo 13 la Rental Housing Act ya 1999: kuyambira tsiku lomwe dandaulo lalowa mpaka bwalolo litagamula, kapena itatha miyezi itatu, mwininyumba saloledwa kutulutsa mlendi, ayenera kukonza zofunika kukonza, ndipo mlendi ayenera kupitiriza kulipira. Tinafuna chishango chimenechi chikhalepo ejenti asanakwiye. Kachiwiri, lendi isaleke, chifukwa wosalipira amadzichotsera yekha chitetezo. Poti risiti kunalibe, ngakhale lamulo lomwelo limati izikhalapo, tinagula kabuku ndipo aliyense ankalipira pamaso pa mboni ziwiri. Kachitatu, osuma akhale awiri okha omwe mapepala awo anali bwino: gogo uja ndi mnyamata wina wogwira ntchito ya ulonda. Gogoyo anavomera mosavuta. Anati wakhala nafe zaka zambiri, fungolo silisankha mphuno.

Ejenti atamva anabwera ndi ukali, anaopseza kuti achotsa zitseko. Tinamuonetsa kope la dandaulo lodindidwa chidindo. Anachoka akutukwana ndipo sanachotse kanthu.

Zomwe zinapezeka

Membala wa komiti ya wodi woona za umoyo ndiye anatilumikiza ndi ofesi ya gawo. Woyendera zaumoyo anabwera mu Disembala, anajambula zithunzi, anawerenga zimbudzi ndi anthu, osafunsa pepala la aliyense. Kalata yake sinapite kwa ejenti. Inapita kwa munthu yemwe dzina lake lili pa akaunti ya khonsolo ya nyumbayo. Ichi ndi chinthu chomwe ife sitikanatha kuchipeza patokha, ndipo ndicho chinatsegula njira.

Mwininyumba anali mayi wokhala m'chigawo china cha dziko lino, yemwe anailandira nyumbayo ngati chuma chamasiye. Iye ankadziwa za zipinda zisanu ndi chimodzi zakuseli zomwe anamanga bambo ake. Zina zisanu ndi chimodzi anawonjezera ndi ejenti, ndalama zake n'kumadya yekha. Kalata ya khonsolo ndi samani ya bwalo la lendi zinamupeza pafupifupi nthawi imodzi. Ejenti anachotsedwa ntchito Khrisimasi isanafike.

Pulambala yemwe mayiyo analemba anaboola kaye potseka kuti madzi aziyenda, ndipo mu Januwale 2024 analowetsa kamera m'paipi. Inali paipi yadothi yakalekale, yosweka pansi pa zipinda ziwiri zakumapeto, zomwe anazimanga pamwamba pake penipeni. Mizu ya mtengo wa aneba inali italowa m'ming'alu. Koma ndisabise mbali yathu. Zomwe anatulutsamo zinali matewera a ana, nsanza, mapepala a nyuzi ndi mafuta ophikira ouma gwa ngati sopo. Ambiri a ife tinakulira pa chimbudzi chokumba chomwe chimameza chilichonse. Cha madzi sichitero, makamaka paipi ya banja limodzi ikamasenza anthu 41. Amalume aja anaika ndowa yokhala ndi chivundikiro m'chimbudzi chilichonse n'kugawa masiku okataya mu bini.

Mapeto ake

Ku bwalo la lendi nkhani inathera pa kukambirana, mu Febuluwale. Mwininyumba anavomera kuika paipi yatsopano, kuchotsa mipope ya mvula m'suweji, kupereka risiti ndi kulemba mgwirizano wa lendi. Koma paipi sikanakonzeka popanda kugwetsa zipinda ziwiri zija. Mabanja awiriwo anapatsidwa mwezi umodzi osalipira ndipo dipoziti yawo inabwezedwa. Limodzi linalowa m'chipinda chomwe chinatsala m'nyumba yaikulu. Lina linali la mayi wa mwana wodwala uja, yemwe anayamba kundiuza nkhaniyi. Chipinda chomwe anapeza ku Turffontein chinali chodula kuposa mphamvu zake, choncho ana ake awiri anawakweza basi kupita kwa agogo awo ku Mangochi. Ndinawaperekeza kokwerera. Sanandinene, koma sanandithokozenso, ndipo sindikumudabwa.

Ndadzifunsa ngati ndikanapewa zimenezi. Paipi inali yosweka kale, zipindazo zikanagwabe. Chomwe ndikanachita ndi kukakamira pa zokambiranazo kuti banja la ana ndilo liyambe kupatsidwa chipinda chotsalacho. Sindinaganize, mutu unali pa mapaipi. Mukamakambirana nkhani yotere, lembani kaye mayina a omwe ataye malo musanakambe za simenti.

Lendi inakwera ndi R200 pa chipinda kuyambira mu Epulo, atapereka chidziwitso. Zomwe amalume anachenjeza zinafikanso: mwininyumba analandira kalata yofunsa mapulani a zipinda zakuseli. Analemba munthu wojambula mapulani kuti aone zomwe zingavomerezeke, ndipo pomwe ndikulemba nkhaniyo sinathe. Anthu akukhalabe, koma tawauza kuti zipinda zina zikhoza kudzachotsedwa.

Khansala uja funso kukhonsolo sanalembe, panalibe cholembera. M'malo mwake anakaika nkhani ya mipope ya mvula yolowetsedwa m'suweji pa msonkhano wa komiti ya wodi, chifukwa atayendera msewuwo anapeza nyumba zina zochita chimodzimodzi. Chaka cha ndalama cha khonsolo chimayamba pa 1 Julayi, ndipo mu Epulo anthu amaitanidwa kukapereka maganizo pa pulani ya chitukuko, IDP, ndi bajeti. Kumsonkhanowo tinapita anthu asanu a pabwalo lija. Pakhomo anatilembetsa dzina ndi wodi. Amalume anaimirira n'kupempha, m'Chizulu chawo chothyokathyoka, kuti zikwangwani zophunzitsa za suweji zizilembedwanso m'zilankhulo za obwera. Mlembi analemba pempholo. Refurensi yake ndili nayo m'kabuku kaja, pansi pa zitatu zoyamba.